Jekete la M'sewero la Ezelina

Ezelina anatseka chitseko cha tchalitchi mwezi utalowa kale. Anali atadikira gulu lake la zisudzo kuyambira dzuwa likupendeka, koma sipanabwere ndi mmodzi yemwe. Sikuti anali amwano ayi. Mbiri inali itamveka kuti lole ya feteleza wa makuponi ifika m'mawa, ndipo mudzi wonse unanyamula mphasa kukagona pamzere kudepoti. Yobu, amene ankasewera ngati tenanti, anangotumiza mawu akuti, "Pepani asisi, chimanga changa sichingakule ndi kuomba m'manja."

Mulungu anam'patsa Ezelina mphatso yopeka masewero ali wamng'ono. Loyamba linali la mwana wolowerera, ku Sande sukulu, ndipo nkhumba zake zinali tiana tokwawa pansi titadzola matope. Lachiwiri, la mayi wokana kulowedwa chokolo, linafika mpaka pa mpikisano ku Boma. Latsopanoli analitcha Alendo a Mvula Imodzi. Linali la matenanti, mabanja ochokera kutali odzalima fodya m'maesiteti, ndipo linayenera kuonetsedwa mawa lakelo. Koma a Mphepo, mkulu wa mpingo, anali atanena mosabisa kuti mabenchi akakhalanso opanda anthu ngati ulendo watha, za zisudzo pa mpingopo zithere pomwepo.

Ezelina anasenza thumba la zovala zosewerera n'kuyamba ulendo. "Ambuye," anatero chamumtima, "ngati mphatsoyi munangondibwereka, mawa ndikubwezerani."

Njira ya kwawo inkadutsa m'mphepete mwa esiteti. Zigafa zinali zopanda kanthu, zikudikira fodya amene anali akadali ku nazale. Kutali, cha kumpoto, mphezi inkang'anima popanda bingu. Patsogolo pake panali mabulugamu, ndipo pansi pa mabulugamuwo panali manda a alendo, kumene ankaika matenanti omwalira kutali ndi kwawo. Ziliza kunalibe. Mitumbira yokha.

Atayandikira, anamva fungo la fodya wouma. Fodya wouma, mwezi wa Novembala?

Anafulumira. Nkhululu zinasiya kulira. Anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa: anayamba nyimbo ya m'buku, ija amaimba potseka mapemphero. Mzere woyamba. Wachiwiri...

Wina anailandira ndi besi!

Ezelina sanathe kuthawa. Sanathenso kuleka kuimba, pakuti besiyo anali wokoma, wozama ngati ng'oma, ndipo sankaphonya mawu. Anamaliza ndime yonse pamodzi. Atacheuka pang'onopang'ono, anaona bambo wachikulire, wamfupi, atavala jekete lakuda. Ankayenda pambali pake. Masamba ouma sankalira kumapazi kwake.

"Usaope, mwananga. Iwe si uja wa tinkhumba?"

"Ndine, bambo..."

"Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Ife tinkaonera pawindo." Malankhulidwe ake anali a kummwera. "M'thumbamo muli chiyani?"

"Zovala za tenanti wa m'sewero langa."

Anatulutsa malaya ong'ambika n'kuwaonetsa. Mkuluyo anaseka motsitsa, monga amasekera kholo mwana akavala nsapato mosemphanitsa.

"Kumunda, inde. Koma Lamulungu tinkatchena, mwananga. Mum'patse ili, nayenso aonekeko munthu."

Anavula jekete lija n'kumuveka Ezelina m'mapewa. Linali lozizira ngati mwala wa pachitsime.

"Palibe adzalione," anatero Ezelina, misozi ili m'maso. "Anthu onse ali kudepoti."

"Ndiye ukudikira ndani m'tchalitchi? Mbuye wathu ankawapeza anthu kumene ali, pachitsime, pangalawa. Usiku wa pamzere ndi wautali."

Anafika pamene mabulugamu amathera. Mkuluyo anaima.

"Ine malire anga ndi ano."

"Mumakhala kuti, bambo? Kuti ndidzakubwezereni."

Ezelina anayang'ana pamene mkuluyo anaima. Anacheuka kumanja. Kumanzere. Mitumbira yokha... ndi nkhululu zitayambanso kulira.

Ezelina anathamanga! Koma atafika pamphambano, miyendo yake sinakhote kulowera kwawo. Inalunjika kudepoti.

Kum'mawa kunali kutayamba kuyera pamene anawadzutsa anthu ake, mmodzimmodzi, pa mphasa zawo. Yobu anadandaula kuti malo ake apita, koma mayi wina anati amusungira bola sewerolo likhale loseketsa. Anakankhira njinga pambali, pakati n'kutsala bwalo. Anthu mazanamazana, makuponi atawamangirira m'nsalu ndi m'masokosi, anatembenuka onse. Palibe akanachokapo, pakuti lole inali isanafike.

Yobu atalowa atavala jekete lija, akuyenda monyadira ngati mkwati, akupukuta fumbi pa nsapato imodzi ndi kumbuyo kwa mwendo wina, mzere wonse unagwa ndi phwete. Matenanti amene anaima kumapeto, opanda makuponi, ongoyembekezera ganyu yotsitsa matumba, anasendera kutsogolo. Kwa nthawi yoyamba anali pa benchi loyamba, ngakhale benchilo linali dothi. Ezelina anaona a Mphepo, nawonso atafunda bulangete pamzere, akupukuta misozi ndi chipewa.

"Mwana iwe," anatero a Mphepo, "mpingo wonse uli panotu. Za mabenchi zija iwala."

Sewero lili pakati, mayi wina wokalamba anadzuka n'kulowa m'bwalo. Anali a Malita, amasiye a pa esiteti, amene sanabwererenso kwawo ku Phalombe. Anagwira mkono wa jekete, naupinda. Pachigongono panali chigamba chosokedwa ndi ulusi woyera wa thumba la feteleza.

"Ndinasoka ndine apa," anatero. "Ndi singano ya fodya. Mwalitenga kuti?"

Ezelina anafotokoza zonse: mabulugamu, nyimbo, besi uja.

"Ndi a Lameki amenewo, bambo a kunyumba kwanga," anatero a Malita modekha. "Anatisiya kalekale, chaka chomwe makuponi anayamba. Bokosi tinalibe, tinawakulunga mumphasa. Koma anali atandiuza kuti, 'Malita, usadzanditumize kwa Ambuye ndi sanza.' Tinawaika atavala jekete limeneli."

Yobu anayamba kuvula jeketelo mwachangu, mkono umodzi utakodwa m'kati. A Malita anam'gwira dzanja. Anam'bwezera jeketelo m'mapewa, nakonza kolala bwinobwino, monga ankachitira Lamulungu m'mawa.

"Malizani, ana anga," anatero, akubwerera pamphasa pawo. "Munthu uja sankachoka pawindo sewero lisanathe."