Mutu wa Bwato wa ku Whangaruke

Loko anali bwinobwino. Chitseko cha kontena sichinapindike paliponse. Koma m'beseni lalikulu la pakona munali madzi okhaokha.

Inali 7 koloko m'mawa, Lachitatu, pagombe la Whangaruke. Hinerangi Tautahi anapisa dzanja m'madzimo mpaka m'chigongono. Mutu wa bwato munalibe.

Namondwe wa mu Julaye ndiye anaufukula mumchenga. Unali mtengo wakuda wosemedwa mwaluso wa kutsogolo kwa bwato la makolo, wotalika ngati mkono, ndipo akatswiri ankati wagona pansi zaka mazana asanu ndi limodzi. Ankausunga m'madzi kuopa kuti ukauma ung'aluka. Fuko linasankha Hinerangi kuti aziyang'anira chilichonse chimene ofukula zakale atulutse m'nthaka ya makolo. Lero chachikulu kuposa zonse chinali chitamupulumuka.

Sajeni Pomana anafika 8 koloko itangokwana.

"Makiyi ali ndi anthu angati?"

"Atatu," anayankha Dokotala Fenella Brodie, mkulu wa ofukulawo. "Ine, Hinerangi, ndi bambo Eruera."

Potchula dzina lomalizalo anayang'ana pansi. A Eruera anali amalume ake a Hinerangi. Dzulo lake masana anthu anasonkhana ku marae, bwalo la fuko, kukangana ngati mutuwo upite kumzinda kukapimidwa. A Eruera anagogoda ndodo pansi. "Ubwerere kumene makolo anausiya! Mukafuna kuunyamula, muyambe mwakwirira ine." Kenaka anatuluka msonkhano uli mkati.

"Anatuluka nthawi yanji?" anafunsa Pomana.

"Cha m'ma 3," anatero Hinerangi.

Sanadikire apolisi. Anayendetsa galimoto mpaka kwa amalume ake, nawapeza akusoka ukonde pakhonde. Kumbuyo kwa lole yawo kunali thumba lonyowa, lotupa.

"Amalume, dzulo mutatuluka munapita kuti?"

"Moni sapereka masiku ano?"

"Mutu uja wasowa."

Singano inaima. Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsatira kumene maso a Hinerangi ankathawira.

"Oho. Pita ukamasule. Usachite manyazi, wayamba kale."

Hinerangi anamasula thumbalo. Munali nkhono za m'nyanja zokhazokha.

"Madzi anaphwera 3 koloko," anatero a Eruera. "Nkhono sizidikira msonkhano. Ndinakulera ine, Hine. Tsopano choka pakhomo panga."

Anachoka nkhope ikutentha. Komabe mumtima chikaiko sichinathe. Thumba limodzi silitsuka munthu. Nanga m'nyumbamo? Nanga m'mchenga wonse uja?

Atabwerera kugombe cha m'ma 12, anapeza ofukula akung'ung'udza. Analibe poika chakudya chawo chamasana. Bokosi labuluu limene ankasungiramo buledi ndi nyama kuti zisatenthe linali litasowa mutenti.

Hinerangi anaima chilili.

"A Sajeni, bokosi limenelo n'lalikulu bwanji?"

Dokotala Brodie anatambasula manja. Mutu wa bwato ukanakwanamo, ndi madzi omwe.

"Ndiye si amalume," anatero Hinerangi. "Munthu amene salola ngakhale chipewa patebulo lodyera angaike chinthu cha makolo m'bokosi la nyama? Kwathu zopatulika siziyandikira chakudya. Angalole kuduka dzanja."

Pomana, amene naye anakulira pa marae, anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Wakuba wathu akudziwa kuti mtengowo usaume, koma zopatulika alibe nazo ntchito. Dokotala, kumsonkhano kuja anthu anu analipo onse?"

"Onse, kupatula Gareth Lund, amene amasamalira mitengo yonyowayi. Dzino linkamuwawa. Lero walawirira ku tauni ya Pakirau kukachotsetsa."

"Kiyi wanu mumasunga kuti?"

"M'thumba la jekete."

"Jeketeyo dzulo inali kuti?"

Inali itapachikidwa mutenti tsiku lonse.

Mayiyo anapukusa mutu. "Ayi, a Sajeni. Gareth ndagwira naye ntchito zaka zisanu ndi zinayi."

"Hinerangiyu wakhala ndi amalume ake zaka makumi anayi, koma m'mawa uno wawapisa m'thumba," anatero Pomana, akuimba kale foni.

Ku Pakirau dokotala wa mano ndi mmodzi yekha. Dzina la Lund sanalimvepo. Ndipo lole yonyamula katundu wopita kumzinda imanyamuka 2 koloko.

Pomana ndi Hinerangi anafika pamalo otumizira katundu kutatsala mphindi makumi awiri. Gareth anali pamzere, akutafuna apulo ndi mano onse. Pamapazi pake panali bokosi labuluu lomatidwa ndi tepi, atalembapo kuti: Nsomba, zisungidwe pozizira.

"Dzino lapola, bambo Lund?" anafunsa Pomana.

Apulo anagwa pansi.

"Ndi nsomba za mlongo wanga."

"Tiziwone."

Mpeni unadula tepi. Pansi pa matawulo onyowa, diso la mutu wa bwato, lopangidwa ndi chigoba cha nkhono, linawayang'ana. Hinerangi anagwada, nayamba kunena pemphero la makolo.

"Ndimaupulumutsa!" anakuwa Gareth unyolo ukulowa. "Mdala uja akanaukwirira kuti uwole!"

Koma foni yake inanena zina. Munali zithunzi za mutuwo ndi mauthenga a milungu itatu ndi munthu wina wa kutsidya la nyanja, wogula zinthu zakale mobisa. Mu uthenga umodzi Gareth analemba kuti pasakhale nkhawa, onse adzaloza nkhalamba yolongolola ija.

Mu Disembala khoti la ku Pakirau linamupatsa zaka zitatu. Woweruza anawerenga uthenga umenewo mokweza, a Eruera ali pabenchi yakutsogolo, nsagwada zili gwa.

Miyezi inayi yonseyo mkuluyo anali asanamulankhulepo Hinerangi. Potuluka anamudutsa pamasitepe osacheuka. Atafika pa lole yawo anaima, natsegula chitseko cha mbali inayo.

"Ukudikira ndani? Kwera, mvula ikubwera."

"Amalume, ine ndimati..."

"Ndati kwera. Zokhululukirana tikamba ndikadya."