Nthambi Zamaliro Pakhomo pa Fatimah

Fatimah anatsika minibasi akuseka yekha, botolo la chakumwa chomwe anapatsidwa kusukulu lili m'manja. Atangokhota kanjira kolowera kwawo ku Mtandire, anaima chilili. Pamsewu panali nthambi za masamba aawisi, chizindikiro choti pafupi pagwa maliro. Nthambizo zinali moyang'anizana ndi nyumba yawo.

Amayi amene anali pampopi atamuona anabalalika, ndowa kuzisiya zikusefukira. Mayi Jemima, oyandikana nawo nyumba, anabwerera chambuyo atadziphimba mphuno ndi chitenje.

"Amayi, wamwalira ndani?" anafunsa Fatimah.

"Ima pomwepo mwanawe, usandiyandikire," anayankha Mayi Jemima. "Wamwalira ndi iweyo."

Fatimah anathamangira m'nyumba. Anapeza mayi ake, a Mwanabibi, ali pamphasa okhaokha, mawu atasasa ndi kulira. Ku Mtandire kukagwa zovuta, nyumba imadzaza madzi a tiyi asanawire, koma tsikulo panalibe ndi mmodzi yemwe wowagwira paphewa. Pampando panali nsalu yoyera yokulungira mtembo. Poti Asilamu sagonetsa maliro, amalume ake anali atapita kale kumanda ndi makasu. A Mwanabibi anamusisita mwana wawo nkhope, makutu ndi zala.

Zonsezi zinayamba m'mawa wa tsikulo. Kusukulu kwa Fatimah kunabwera akuluakulu azaumoyo kudzayeserera zomwe dziko lingachite mliri wa chimfine choopsa utabuka. Ophunzira ena anasewera ngati odwala, ena ngati abale awo. Fatimah, katswiri wa zisudzo pasukulupo, anapatsidwa gawo la womwalira. Bambo Levison, omwe ankatsogolera ntchitoyo, anali atawachenjeza kale kuti, "Musauze munthu, ngakhale makolo anu. Tikufuna zioneke ngati zenizeni." Fatimah anamvera. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anamunyamula pamachira, kumufunditsa nsalu ndi kumulowetsa mu ambulasi. Wina wodutsa anajambula kanema kudzera pampanda, ndipo nkhope ya Fatimah inaoneka bwinobwino asanaiphimbe. Dzuwa lisanafike pamutu, kanemayo anali atazungulira mafoni a Mtandire yense.

Nthambi zinachotsedwa, dzenje linakwiriridwa, koma mantha anatsala. "Akubisa amenewo, matendawo alipo m'nyumbamo," ankatero anthu. Pampopi ankatsuka paliponse pomwe Fatimah wagwira. Kumsika, mandasi a mayi ake ankangouma m'chidebe, makasitomala akale akulambalala ngati pali fungo. Mandasiwo ndiwo ankadyetsa banja lonse. Fatimah akaona mayi ake akubwera nacho chidebe chodzaza, magazi ankawira.

Kenaka anamva kuti akuluakulu aja abwereranso kusukulu kudzaunika momwe ntchito yawo inayendera. Anatola kudzala imodzi mwa nthambi zamaliro zija itauma kale, nasenza chidebe cha mandasi.

Atalowa m'holo anapeza anthu akuomba m'manja. Bambo Levison anali kutsogolo, taye ili gwa. "Zonse zinayenda bwino," ankatero. "Ambulasi inafika msanga, anamwino anavala zodzitetezera moyenera. Ndife okonzeka."

Fatimah anadutsa pakati pa mipando, naika nthambi ija patebulo, pamwamba pa mabotolo a madzi.

"Fatimah, tuluka," ananong'ona aphunzitsi aakulu. "Pano pali akuluakulu."

"Ndi amene ndikuwafunawo, aphunzitsi." Anatembenukira kwa Bambo Levison. "Abambo, mwandizindikira? Ndine mtembo wanu uja. Munandipatsa chakumwa, inu n'kukwera magalimoto. Mukudziwa kuti kwathu anandikumbira manda? Mukudziwa kuti amayi anga anandilira okha m'nyumba, anzawo ataima kutali ngati akuonera moto?"

"Mwanangu, pepa, koma cholinga chathu chinali chabwino."

"Chabwino kwa ndani? Mukuti ndinu okonzeka. Ambulasi ndi yokonzeka, anamwino ndi okonzeka. Nanga ife oti tidzadwalefe? Kodi mliriwo ukadzabwera udzafikira m'holo muno? Udzafikira pampopi pathu, mu minibasi, kumsika. Kumeneko simunauzeko munthu kanthu." Anavundukula chidebe. "Awa ndi adzulo. Palibe akufuna kuwakhudza. Inu mukudziwa kuti sindikudwala, ndiye tadyani."

Bambo Levison anayang'ana nthambi ija nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja.

Fatimah anakokera chidebe kumbuyo. "Osati pano. Kadyereni kumene anthu akuwaopa."

Masana a tsikulo galimoto yoyera inaima pamsika wa Mtandire. Bambo Levison anatsika ndi chimkuzamawu, taye atavula. Anafotokoza kuti panalibe matenda, kuti kunali kuyeserera chabe, ndipo wolakwa anali iwowo posadziwitsa anthu. Anapepesa a Mwanabibi pamaso pa gulu, natenga ndasi louma, nalitafuna mpaka misempha ya m'khosi kuoneka. Anyamata a kabaza anaseka.

Mayi Jemima sanaseke. Anadzipanikiza kufika kutsogolo. "Abambo, ine ndi mayi awawa timabwerekana mchere. Tsiku lija mtima unkandiuza kuti ndilowe, miyendo ikukana. Chiyambire pamenepo sindigona bwino. Tsono tandiuzeni, zikanakhala zoona, ndikanalowa kapena ayi? Mnzanga ndikanamuthandiza bwanji osatenga matenda?"

Bambo Levison anaika chimkuzamawu pansi, napempha benchi. "Funso limeneli ndi lomwe tinayenera kuyambira," anatero. "Khalani pansi amayi, tiyambirenso. Ulendo uno tiyeserera limodzi."

Anthu anayamba kusendera. Mayi Jemima anakhala pafupi ndi a Mwanabibi, mapewa kugundana. Osawayang'ana kumaso, anapisa dzanja m'chidebe muja.

"Fatimah," anatero Bambo Levison, "ungatithandizenso?"

"Ndithandiza," anayankha Fatimah, nkhope ikadali yolimba. "Koma wina afe. Ine ndinafa kale."