Uchi pa Sikuta

Mwana waulemu sasuzumira m'thumba la mlendo. Nelesi ankalidziwa lamulo limeneli. Amayi anamuphunzitsa. Atate anamuphunzitsanso. Koma Loweruka lina m'mawa, Nelesi analiphwanya.

Nelesi anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Kanakantapa. Anali ndi mng'ono wake, dzina lake Ednah. Ednah anali ndi zaka ziwiri. Kuyenda ankayenda. Kuthamanga ankathamanga. Koma mawu ankadziwa ochepa.

Tsiku limenelo kunabwera mlendo. Anali amayi aang'ono a Nelesi, dzina lawo a Dyness, obadwa mimba imodzi ndi Amayi. Anachokera ku Silverest pa minibasi. Anasenza thumba lalikulu. Thumbalo analitula pakhonde.

Akuluakulu anakhala pamphasa, pansi pa mtengo wa mango. Anayamba kulonjerana. Anafunsana za m'thupi. Anafunsana za mvula. Anafunsana za chimanga. Malonje anatalika.

Nelesi anayang'ana thumba. Anayang'ana akuluakulu. Anayang'ananso thumba. Kenaka ananyang'ama mpaka pakhonde. Anamasula chingwe. Anasuzumira.

M'thumbamo munali zinthu ziwiri.

Choyamba chinali kanjinga kobiriwira. Kanali ndi chishalo chofewa. Kanali ndi matayala awiri onenepa. Koma zopalasira kanalibe.

Chachiwiri chinali sikuta yofiira. Inali ndi thabwa loimapo. Inali ndi chigwiriro chachitali. Matayala ake anali aang'onoang'ono.

Nelesi anaikonda sikutayo. Anaikonda kwambiri. Anaisisita ndi chala. Kenaka anamanganso chingwe msangamsanga.

"Nelesi," anaitana amayi aang'ono. "Bwera unipase moni. Kapena wakula, sunidziwa?"

Nelesi anabwera. Anagwada. "Muli bwanji, Amai?"

"Nili bwino, mwanawanga. Tanitengerako thumba lija."

Nelesi analikoka mpaka pamphasa. Amayi aang'ono anayang'ana chingwe. Anayang'ana Nelesi.

"Thumba ili n'lanzeru," anatero. "Ladzimanga lokha mfundo yatsopano."

Amayi anamuyang'ana Nelesi ndi diso lakuthwa. Apa Nelesi akanapepesa. Koma sanapepese. Anangoweramitsa mutu.

Amayi aang'ono anatulutsa kanjinga. Anatulutsa sikuta.

"Ana anga anakula," anatero. "Izi zangokhala kuseri kwa chitseko. Chimodzi ni cha Ednah. Chinacho nipita nacho ku Chalimbana madzulo ano. Mwana wa amalume anu a Gilbert naye ayembekeza."

Atate ananyamula kanjinga. Anakatembenuza uku. Anakatembenuza uku.

"Mlamu," anatero, "zopalasira anakuberani m'minibasi?"

"Ba mulamu, kamapangidwa choncho. Mwana amakankha ndi mapazi. Inu munafuna ka injini?"

Onse anaseka.

"Tsono timutengere chiti?" anafunsa Amayi.

"Yofiirayo ioneka bwino," anatero Atate.

"Yokongola inde. Nanga akagwa?"

"Musakangane," anatero amayi aang'ono. "Mwini wake ni uyu. Ayambe waziyesa."

Ednah anayesa sikuta. Anaponda pathabwa. Anakankha. Timatayala tinamira mumchenga. Anakankhanso. Tinamiranso. Anakankha ndi mphamvu zake zonse. Ednah uyo, khu, pansi.

Sanalire. Anadzuka. Anaiyang'ana sikutayo moipa. Anaisiya pomwepo.

Ednah anayesa kanjinga. Anakhala pachishalo. Mapazi ake anafika pansi. Anaponda ndi phazi ili. Anaponda ndi phazi linalo. Kanjinga kanayenda. Kanayenda pamchenga. Kanayenda pamiyala. Nkhuku zinathawa. Ednah anaseka mpaka dovu kutuluka.

"Jinga," anatero Ednah. "Jinga yanga."

Nelesi naye anayesa kanjinga. Mawondo ake anagunda chigwiriro. Kanali kakang'ono kwambiri.

Anatenga sikuta. Anapita nayo pakhonde la simenti. Anaponda. Anakankha. Sikuta inauluka. Inamufikitsa kumapeto kwa khonde. Inamubweza. Inamupititsanso. Mphepo inamuwomba m'makutu.

Nelesi anaganiza. Kanjinga kakatsala, adzakwera ndi Ednah yekha. Sikuta ikatsala, adzakwera ndi Nelesi.

"Tiyambe tadya," anatero Atate. "Tikadya, Ednah asankha yekha. Tiziika zonse pansi pa mango. Iye timuimika pakhomo. Pasapezeke womuitana. Pasapezeke womulozera. Chimene akagwire, n'chake."

Nelesi ankadziwa kumene Ednah apite. Apita ku kanjinga. Koma ankadziwanso chinthu china. Ednah ankakonda uchi.

Amayi ankasunga uchi m'kabotolo, pamwamba pa kabati. Uchiwo sunali wodya wamba. Unali wa mwana akadwala chifuwa. Ana sankaloledwa kuugwira.

Akuluakulu ali kudya, Nelesi analowa m'nyumba. Anakwera pampando. Anatsegula kabotolo. Anaviika chala. Anatuluka atabisa dzanja.

Anatengera sikuta kuseri kwa nyumba. Anapaka uchi pachigwiriro. Kenaka anaitana Ednah monong'ona.

"Ednah, bwera. Lawa apa."

Ednah ananyambita. Maso ake anawala.

"Basi," anatero Nelesi. "Wina ulawa pambuyo."

Anapakanso uchi. Anabweza sikuta pansi pa mango. Palibe amene anazindikira.

Nthawi yosankha inakwana. Kanjinga kanali uku. Sikuta inali uku. Atate anamuimika Ednah pakhomo. Onse anakhala chete. Palibe anamuitana. Palibe anamulozera.

Ednah anayenda. Analunjika ku kanjinga. Anatambasula dzanja.



Ednah anaima. Anatembenuka. Ananyambita milomo. Anathamangira ku sikuta. Anaigwira ndi manja awiri. Anaika pakamwa pachigwiriro.

"Wasankha," anatero Atate. "Onani, mpaka kuipsompsona."

"Zodabwitsa," anatero Amayi. "Si yomweyi inamugwetsa m'mawa?"

"Ana ni choncho, akulu anga," anatero amayi aang'ono. "Wanga anakana nsapato, nasankha katoni yake."

Anabweza kanjinga m'thumba. Anamanga chingwe. Anachimanga zolimba.

Nelesi anatenga sikuta. Anapita nayo pakhonde. Anaponda. Anakankha. Anapita. Anabwerera. Anapitanso.

Ednah sanamutsatire. Anaima pafupi ndi thumba. Analimenya ndi kadzanja.

"Jinga," anatero. "Jinga, tuluka."

Kanjinga sikanatuluke.

Anakoka chingwe. Chingwe sichinamasuke. Anachiluma. Sichinamasukebe.

"Iwe Nelesi," anatero Amayi. "Sikuta ni ya mng'ono wako. Mupase akwere."

Nelesi anaitsitsa pabwalo. Anaisiya pamchenga. Inakhala pomwepo kanthawi, Ednah akukana kubwera. Potsiriza Amayi anamunyengerera. Ednah anaponda pathabwa. Anagwira chigwiriro. Anakankha. Timatayala tinamira.

Kenaka Ednah anakuwa. Anakupiza dzanja. Anagwa chagada. Tsopano analira zenizeni.

Amayi anathamanga. Anamunyamula. Padzanja pa Ednah panali nyerere. Pamkono panali nyerere. Pachigwiriro panali nyerere zambirimbiri.

Amayi anazisansa. Anamuuzira mpweya padzanja.

"Pepa, mwanawanga, pepa. Koma nyerere zifuna chiyani pa chitsulo?"

Nelesi ankadziwa chimene nyerere zinkafuna. Anabisa chala chake m'diresi. Apanso akanalankhula. Koma sanalankhule.

Anapukuta nyererezo ndi tsamba. Anabwerera pakhonde. Anaponda. Anakankha. Sikuta inathamanga ngati poyamba. Koma sinakome ngati poyamba. Atafika kumapeto kwa khonde, anamva Ednah akusisima. Atabwerera, anamvanso Ednah akusisima. Nelesi anatsika. Anaitsamiritsa kukhoma.

Dzuwa linapendeka. Amayi aang'ono anatsanzika. Mlendo satuluka yekha pakhomo, choncho banja lonse linawaperekeza. Atate anasenza thumba paphewa. Amayi anabereka Ednah. Nelesi ankabwera m'mbuyo.

Ednah sankaliranso. Ankangoyang'ana thumba. Atate akapita kumanja, maso ake kumanja. Atate akapita kumanzere, maso ake kumanzere.

Nelesi anaona zonsezi.

Anafika pamsewu. Panali anthu ambiri. Ena ankagulitsa tomato. Ena ankagulitsa repu. Ena ankayembekeza ulendo. Ambiri anali a kutchalitchi kwawo. Onse ankamudziwa Nelesi.

Minibasi inatulukira m'fumbi. Inaima. Kondakitala analumpha.

"Tiyeni, tiyeni. Malo alipo. Mami, katundu ni uyu?"

Analandira thumba. Analikankhira pansi pa mpando. Amayi aang'ono anaponda pakhomo la minibasi.

Ednah anatulutsa dzanja m'nsalu. Linali dzanja lolumidwa lija. Analikweza pang'ono.

"Bayi, jinga," anatero.

Nelesi anasendera pafupi ndi minibasi.

"Imani," anatero. Mawu ake anali aang'ono. Injini inawameza.

"Imani, chonde," anatero mokweza.

Kondakitala anamuyang'ana. "Kamwana iwe, ukwera?"

Nelesi anapita kwa Atate. Anagwada pafumbi.

"Atate, Ednah sanasankhe sikuta."

"Ukuti chiyani?"

"Sanasankhe. Nine ninachititsa."

Atate sanamukalipire. Sanamudzutsenso.

"Nena bwino," anatero. "Amayi ako aang'ono amve. Nawonso unawanamiza."

Anthu a tomato analeka kuitanira malonda. Anthu a m'minibasi anasuzumira pamawindo. Nelesi anachita manyazi aakulu. Anafuna kuthawira m'chimanga. Koma sanathawe.

"Ninakwera pampando," anatero. "Ninatenga uchi wa chifuwa. Ninapaka pa sikuta. Ninamulawitsa Ednah kuseri kwa nyumba. Iye anatsata uchi. Nyerere nazonso zinatsata uchi. Zinamuluma chifukwa cha ine."

Anapuma. Misozi inatsika.

"Sikuta ninaifuna nine. Ednah afuna kanjinga. Nalakwa, Atate. Nalakwa, Amai. Chonde, kanjinga kasapite."



Gogo wina wa tomato anagwedeza mutu. "Palibe anamufunsa," anatero. "Wanena yekha."

Kondakitala anakanda kumutu, nayang'ana Atate. "Tsono ba shikulu, thumba litsike kapena lipite? Anthu afuna kufika."

"Litsike," anatero Atate.

"Nainenso nitsike," anatero amayi aang'ono. "Nikwera yobwera. Sininganyamule thumba lopanda kanthu ku Chalimbana."

Thumba linatsika. Minibasi inapita.

Amayi anamudzutsa Nelesi. Anamusansa fumbi m'mawondo.

"Unalakwa kwambiri," anatero. "Za uchi tikambirana kunyumba. Koma wachita bwino kunena."

"Sikuta ukaitsuka ndi sopo," anatero Atate. "Ukaibweretsa kuno ndi manja ako."

"Inde, Atate."

Amayi aang'ono anamasula chingwe. Kanjinga kanatuluka. Amayi anamutsitsa Ednah kumbuyo. Ednah anathamanga. Anakakumbatira. Anakhala pachishalo. Mapazi ake anafika pansi.

Nelesi ananjuta patsogolo pake. Anagwira dzanja lolumidwa lija.

"Ednah, pepa. Ninakunamiza."

Ednah anamuyang'ana. Sanamve tanthauzo lake. Anapukuta msozi wa Nelesi ndi kachala. Kenaka analoza njira ya kunyumba.

"Kankha," anatero.

Nelesi anagwira chishalo. Anakankha pang'onopang'ono. Ednah ananyamula mapazi onse awiri m'mwamba.