Dzanja Lamanzere la Tamanda

Dzuwa linali litapendeka pa Kadewere, Tamanda ali kuseri kwa nyumba kuwamba ng'oma zake zitatu pamoto wa mapesi. Ankazitembenuza imodziimodzi, n'kumagogoda ndi chala kuti amve ngati chikopa chakungika. Chinali chaka cha 1998, ndipo dzina lake linali litayamba kumveka. Mkazi woimba ng'oma za tchopa anali wosowa, koma iye anaphunzira kwa malemu bambo ake akadali kamtsikana, ndipo tsopano anali ndi gulu lakelake lomwe ankaliphunzitsa yekha. Kumaukwati ankawaitana, kumisonkhano ya zipani ankawaitana. Mwini hotela ina ku Blantyre anali atalonjeza kudzawaonera pa ukwati wa ku Nguludi mu Okutobala, kuti akakhutira aziimba kwake Loweruka lililonse.

Ali mkati mowamba, anamva ng'oma ikulira chakudambo. Anatchera khutu n'kumwetulira. Woimba aliyense ali ndi dzanja lake monga munthu aliyense ali ndi mawu ake, ndipo ili linali la Vincent, wophunzira wake waluso. Vincent anali ndi vuto limodzi: akafika potembenuza nyimbo ankathamangira, n'kugunda kawiri pofunika kamodzi. Zaka zinayi akumudzudzula, koma ayi ndithu.

"Mukawauze kuti athamangiranso," anatero Tamanda kwa Helena, mkazi wa Vincent, amene ankadutsa ndi ndowa pamutu.

"Ndani?"

"Amuna anu. Si awo akuimba kudamboko?"

Helena anatula ndowa. "Achemwali, bambo akwathu ndawasiya agona m'nyumba. Akuti manja akuwayabwa."

Ng'oma ija inaleka pomwepo, ngati kuti yamva.

Kutacha, manja a Vincent anali atatupa ngati mapapaya. M'chipinda mwake munkanunkha chikopa chonyikidwa m'madzi, pomwe m'nyumbamo munalibe chikopa. Anathamangira naye kuchipatala panjinga, koma nthenda sinapezeke. Tsiku lachinayi anatsirizika, zala zikugundabe pamphasa. Amuna omwe anasambitsa thupi anatuluka osayang'anana. Mmodzi ananong'oneza kuti zikundu zonse za ng'oma, khungu louma lija la m'zikhatho, zinali zitachoka. Manja anali osalala ngati a khanda.

Patapita masabata atatu, gulu lili pa phunziro pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili paliwombo, ng'oma yaikulu inagunda kumunda wa nandolo. Onse anatembenukira kwa Dominiko, mwini ng'oma yaikulu m'gululo. Iye anali chikhalire pakati pawo, manja ali pamaondo.

"Aphunzitsi," anatero Dominiko, "ameneyotu ndine."

"Khalani phee."

"Ndine ndithu. Tamvani."

Anyamata a m'gulu anathamangira kumundako. Anangopeza udzu wogona pomwe panakhala munthu, ntchentche zili ng'waa, ndi fungo lija la chikopa chonyowa. Pobwerera anapeza Dominiko akukanda zikhatho zake pakhungwa la mango mpaka magazi. Anamuika m'manda Lamulungu.

Apa mudzi unayamba kulankhula. Kuchitsime, kuchigayo, pamsika wa Milepa, nkhani inali imodzi: mkazi angaimbe bwanji ng'oma kuposa amuna popanda kukhwimira? Blantyre akumufunayo akumugula ndi mitu ya ophunzira ake. Tamanda akamadutsa, azimayi ankabisa manja m'zitenje. Ovina anasiya kubwera. Iye chakudya chinamukanika, pansi osakhazikika. Ankangozungulira nyumba, kulowa, kutuluka, khutu lili kuthengo. Chitseko chikamenyetseka kwa anansi, mtima unkalumpha.

Amene sanamuthawe anali mmodzi, Chester, wokonza njinga pa Milepa. Bamboyu anali ataphunzira zaka sikisi osagwira kanthu. Manja ake anali ngati zikuni, moti ntchito yake inangokhala yonyamula ng'oma panjinga ndi kuzipukuta thukuta ndi kansalu kake gulu likamaliza kuimba. Anzake ankamuseka, iye n'kumaseka nawo. Masiku a imfa aja sankaoneka pa phunziro, ati ntchito inachuluka, koma tsopano anabwera yekha.

"Ine sindikusiyani, aphunzitsi. Ku Nguludi tipita."

"Tikaimba ndi ndani, a Chester?"

"Mundipatse ng'oma ziwiri. Ndizingokutsatirani pang'onopang'ono."

Tamanda anavomera, poti akanatani? Helena naye anati apita kukatsogolera nyimbo, kuti anthu aone kuti iye sakukhulupirira mabodzawo.

Dzulo lake la ukwati, masana, Tamanda akusenda chinangwa pakhonde, anaimvanso ng'oma ija. Inkachokera kuseri kwa chulu. Sinali ng'oma yonse, linali dzanja limodzi lokha, kugudubuza kofewa komwe bambo ake anamuphunzitsa ndi dzanja lamanzere, komwe m'boma lonse la Chiradzulu panalibe wina ankakutha. Mpeni unagwa. Pakati pa chikhatho chake chamanzere panayamba kuyabwa ngati mwalowa linthumbu. Anamanga dzanjalo ndi mpango, osauza munthu.

Ukwati unali wa anthu ambiri. Fumbi linali kobo, mwini hotela atakhala pampando kutsogolo, atavala tayi. Tamanda anayambitsa, dzanja likuwotcha. Chester analowa.

Ha! Sanali Chester wa zikuni uja. Ng'oma ziwiri zinkalankhula pansi pa manja ake, nthaka ikunjenjemera, anthu omwe anabwera kudzangoonera mfiti yaikazi anapezeka ali m'bwalo akuvina. Kwa kanthawi Tamanda anasangalala monga mphunzitsi aliyense. Kenako anafika potembenuza nyimbo, ndipo Chester anagunda kawiri pofunika kamodzi.

Tamanda analizindikira vuto la Vincent lija. Anayang'ana Helena, n'kupeza nyimbo yamuthera pakamwa.

Panali kamasewera komwe Tamanda ankachita ndi Dominiko okha awiri: iye akagunda katatu m'mphepete mwa ng'oma, Dominiko ankayankha ndi chigongono. Sanaphunzitsepo wina aliyense. Anagunda katatu. Chigongono cha Chester chinatsika chokha, du! Mwiniwake anachiyang'ana ngati cha munthu wina.

Tamanda anasiya kuimba n'kuimirira. Analankhula ndi mawu ake a pa phunziro, osayang'ana nkhope ya Chester koma manja.

"Vincent. Wathamangiranso. Yambiranso."

Dzanja lamanja la Chester linaima m'malere. Kenako linabwerera poyambira nyimbo, mofatsa, ngati mmene Vincent ankachitira akadzudzulidwa. Lamanzere linapitiriza za Dominiko. Bwalo lonse linati zii, kungotsala ng'oma ziwirizo.

"Awo ndi amuna anga!" anakuwa Helena. "Mayo ine, awo ndi amuna anga!"

Chester anayesa kuchotsa manja pa ng'oma, koma anakana. Thukuta linali chuchuchu, zala zikung'ambika, magazi akudontha pachikopa.

"Aletseni, aphunzitsi! Amamvera inu! Auzeni aleke!"

"Mwawatenga bwanji?"

"Zaka sikisi!" analira. "Zaka sikisi ndikunyamula ng'oma ngati bulu, inu mukuwomberedwa m'manja! Ndinkangofuna ndiimbeko!"

Pophiriphitha, m'malaya mwake munagwa kansalu kopukutira ng'oma kaja. Kanali ndi mfundo zitatu, ziwiri zothina zakuda ndi mafuta, yachitatu yomangidwa theka. Fungo la chikopa chonyowa linadzaza bwalo, oyandikira n'kugwira mphuno. Tamanda anakatola, nathamangira kumafuwa komwe ankaphikira za ukwati, n'kukaponya pamoto. Kanapsa mochita kulira ngati nyama yamafuta.

Pomwepo Chester anamasuka pa ng'oma. Anagwetsa mabenchi, n'kudutsa pakati pa anthu omwe ankaopa kumukhudza, n'kulowa m'minda. Omwe anamuthamangitsa anabwerako ali wefuwefu. Anati ankathamanga manja akumuomba m'ntchafu, ndipo ankamumvabe iye atazimiririka kale. Njinga yake anaisiya pomwepo. Pa Milepa sanaonekenso.

Tamanda sanafe. Koma mfundo yatheka ija inali itagwira kale: dzanja lamanzere linaphwa, n'kuuma, zala n'kupindikira m'kati. Mwini hotela ananyamuka tsiku lomwelo osatsanzika. Omwe ankamunena anabwera ndi nkhuku ndi mawu opepesa, iye n'kungolandira. Miyezi isanu sanakhudze ng'oma. Kenako anayambanso kuphunzitsa, dzanja lamanja likuimba, pakamwa pakutchula zomwe lamanzere likanachita. Pofika 2003 anali ndi gulu latsopano, theka lake atsikana, ndipo lamulo linali limodzi: aliyense apukute yekha ng'oma yake.

Chaka chotsatira anapita ku Limbe kukagula nsalu za yunifolomu ya gulu. Akudutsa pa benchi ya wogulitsa makaseti, anaima mwadzidzidzi. Mu sipika munkatuluka kugudubuza kofewa kwa dzanja lamanzere.

"Achimwene, akuimbawo ndani?"

"Yangofika kumene kuchokera ku Mozambique, mayi. Ikuyenda malonda kwabasi. Akuti ndi munthu mmodzi yekha, koma mumve ngati gulu."

Pachikuto panalibe chithunzi, panalibenso dzina. Tamanda anaima pakati pa phokoso la maminibasi, natseka maso, n'kuyamba kuwerenga ngati mphunzitsi akuitana mayina. Vincent analipo. Dominiko analipo. Iye mwini analipo.

Panalinso ena awiri omwe sanawadziwe.