Mabatani a Jasi Loyera

Madzulo ena mtsikana wina ankaanula zovala pachingwe, pamodzi ndi jasi loyera limene mayi ake, telala wa m'mudzimo, anamusokera asanamalize n'komwe sekondale. Jasilo linalibe mabatani. Mudzi wonse unkamutchula kuti Dokotala kuyambira akukwawa, koma iye mtima wake unali pa zojambula mapulani a nyumba. Akaona magazi ankachita chizungulire.

Tsiku limene anaulula zimenezi, mayi sanakalipe. Anangoti, "Chabwino mwanangu," n'kubwerera pamakina awo.

Sabata yomweyo kalipentala woyandikana nawo anayamba kutsokomola, osakhalitsa n'kumwalira. Kenako anatsatira mayi wogulitsa makala, kenako mphunzitsi amene ankamulimbikitsa zojambulazo. Pamaliro anthu ankamuyang'ana mtsikanayo cham'mbali n'kumausa moyo: "Tikanakhala ndi dokotala wathuwathu!" Osambitsa mitembo ankanong'onezana kuti malaya a womwalira aliyense ankapezeka atathothoka batani limodzi. Anzake anasiya kumuyendera. Anasungulumwa kwambiri, ndipo analibe woti amuuze kuti m'nyumba mwawo mwayamba kununkha mankhwala a kuchipatala, kapena kuti makina osokera amalira okha mayi akapita kumsika.

Ndiyeno chifuwa chija chinagwira bambo ake, munthu yekhayo amene ankamufunsa zimene iye akufuna.

Masana ena mtsikanayo analowa m'chipinda chosokera osagogoda. Mayi anali atayala jasi lija pamiyendo. Linali ndi mabatani atatu osiyanasiyana, ndipo lachinayi, labulauni lobenthuka m'mbali, linali pasingano. Mtsikana analizindikira nthawi yomweyo.

"Amayi, batani limenelo n'la malaya a ababa."

"Jasi silingakhale lopanda mabatani."

"Chonde amayi, asiyeni."

"Ine ndikungosoka, mwanangu. Wosankha ndiwe."

Kuseri kwa khoma bambo ankatsokomola ngati chifuwa chiphulika. Singano inalowa, inatuluka, inalowanso. Mtsikana anafuna kukuwa, koma akanaitana ndani? Mudzi wonse unkafuna zimene mayi ankafuna.

"Ndikaphunzira udokotala," anatero, misozi ili chuchuchu.

Mayi analuma ulusi n'kuudula, batani linagwa pansi n'kugubuduka. Kutsokomola kunaleka pomwepo. Patapita kanthawi, bambo anaitana ndi mawu abwinobwino kuti akufuna madzi akumwa.

Mayi anamwetulira, akupukuta misozi ya mwana wawo ndi chala.

"Waona? Sukulu yake sunayambe, koma wachiritsa kale munthu."