Ndelema wa pa Kaphiri

Yunisi anayamba kutsika dzuwa litalowa kale. Bowa wa m'munsi anzake anali atazula m'mawa, ndiye iye anakwera yekha kaphiri kotsamira Dzalanyama, mwina mokwawa ndi manja, komwe amayi a m'mudzimo safika. Amati kuli mizimu. Iye amati mizimu siphikira mwana wa munthu. Kunyumba anasiya ana awiri, ndiwo zitatha dzana.

Dengu linali lodzaza ndi ndelema. Njira yotsikira imadutsa pa manda akale, ndipo atafika pamenepo anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Nawo anaima.

"Mayi, tulani dengulo."

Yunisi anacheuka pang'ono. Anali mzimayi wopanda nsapato, atavala bulauzi ndi duku zoyera za amayi a Chigwirizano cha kumpingo. Mvula inali ikuwaza, koma zovala zakezo zinali zouma...

Yunisi dengu sanalisiye.

"Sinditula. Ngati mukufuna bowa, phiri ndi ilo, kakwereni nokha."

"Tulani."

"Kaya ndinu ndani, ana anga adya lero."

"Anganso anadya," anatero mzimayiyo. "Anali atatu."

Dzanja linadutsa paphewa pake. Kuzizira kwake! Linalowa m'dengu pamutu pomwepo, mumdima, osafufuza. Linatulutsa bowa mmodzi. Wina. Winanso. Onse anagwera pansi, oyera ngati anzawo.

"Awa ayi. Enawo kaphikeni. Mukawauze a kwanu kuti wasankha ndi Jane wa kwa Simeon."

Yunisi anatembenuka. Mitumbira yokha... ndi udzu wonyowa.

Sanathamange, kuopa kutaya ndiwo.

Anapeza mwamuna wake, Aaron, ali pakhonde ndi tochi, nkhope ili gwa. Anamufotokozera uku akutula dengu. Atatchula dzina lija, tochi inazima m'manja mwa Aaron.

"Jane wa kwa Simeon? Amake mwana, ameneyo tinaika ine ndili Sitandade 6. Iye ndi ana ake atatu, tsiku limodzi. Anadya bowa wa pa kaphiri komweko." Analoza dengu. "Katayeni kudzala zonsezi."

Yunisi analanda tochi, naiyatsa. Anakhala pansi n'kuyang'ana bowa mmodzimmodzi, kutsinde ndi kunsi komwe, mpaka dengu lonse. Sanapeze woipa.

"Nditaye? Munthu wadzuka kumanda kudzandisankhira, ine nditaye?" Anakankhira nkhuni pamoto. "Ndiyamba kudya ndine. Inu ngati mukuopa, gonani ndi njala."