Waya wa Batire Lakale

Choyamba kumveka chinali fungo. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene ankakhala yekha chimwalirire mkazi wake, anadzuka m'mawa nyumba yonse ikununkha mazira owola. Anathamangira ku bokosi lake loswetsera mazira a nkhuku, omwe anatsala masiku anayi kuti aswe. Lowola panalibe. Koma bokosilo linali litayamba kuzizira, ndipo batire latsopano la sola limene linkalitenthetsa linali litatha mphamvu.

Wamagetsi atabwera anapeza waya wolumikiza batirelo ndi lina lakale la asidi, lotupa m'mbali, lomwe linali pansi pa tebulo.

"Achikulire, awiriwa sakwatirana," anatero akuseka. "Latsopanoli likukhuthulira moto wake mwa nkhalambayi, nkhalamba n'kumawira. Fungolo ndi limenelo. Mazira akagona ozizira usiku umodzi, mwataya."

"Sindine mwana ine," anatero mphunzitsiyo. "Wayayo sindinamuike."

Wamagetsiyo anamuchotsa wayayo, mphunzitsi n'kukiya chipinda chimene munali mabatirewo. Usiku, ali pakati pa tulo ndi maso, ankamva kuwira kwapansipansi, ngati wodwala akupuma movutikira kuseri kwa khoma. Kutacha anapeza waya wabwerera, womangidwa mwaudongo. Oyandikana nawo anayamba kunong'onezana kuti nyumbayo ili ndi mwini wina.

Iye sankakhulupirira zoterozo, komabe anaitana mwana wake wamkazi kuti adzalondere. Mwanayo anakhala pakhonde la m'kati, mumdima woti sungaone dzanja lako. Pakati pa usiku chitseko chinalira, kenaka mapazi opanda nsapato. Anali bambo ake, kiyi m'manja, maso ali tong'o koma osaona kanthu. Anatsegula chipinda cha mabatire chija, nagwada, namanga wayayo mosafulumira, n'kupita kukatsegula chipinda chimene mayi anadwaliramo. Kababu kolumikizidwa ku batire lakale kanali katayaka mofiirira pamwamba pa bedi lopanda munthu.

"Gonani, amake mwana," ananong'ona. "Ndayatsa. Musaope mdima."

Bambowo atabwerera kukagona, mwanayo anamasula waya uja. Kuwira kuja kunaleka, bokosi la mazira likulirabe bwinobwino. Kababu kanazilala pang'onopang'ono mpaka kuthima.

Ndipo m'chipinda cha bambo ake munatuluka mawu odekha, a munthu amene ali m'tulo.

"Wazimitsiranji, mwanawe? Amako sanagone."

Mwanayo anakhala pansi, msana atatsamira bokosi lofundalo, atafumbata wayayo mpaka kunja kunayera.